Nsalu Imamva Madzi Isanamve Moto

Nkhono si yosowa. Mvula ikangogwa kawiri katatu uipeza pakhoma la bafa, patsinde pa nthochi, nthawi zina pakhomo penipeni pa nyumba. Wosowa ndi munthu amene adaiona maso. Ukaitola imalowa m'chigoba. Ukaigogoda kuti ituluke, ndiye waithamangitsira kuchipinda. Koma ukaiika pansi n'kukhala phee, osaikhudza, osaiuzira mpweya, pakapita kanthawi imasolola khosi, kenaka tinyanga, ndipo kunsonga kwa tinyanga tiwiri titalitali n'kumene kuli maso. Makolo adaziona zimenezi, nati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwambi umenewu ena adaumvera m'kalasi, ena pabwalo la milandu kwa amfumu. Ine ndidaumvera patebulo lositira zovala, ndipo mpaka lero munthu akaunena, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la makala ndi la nsalu yotentha.

Abambo anga anali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Salima, kutali ndi mapolo a magetsi. Zovala zawo zakuntchito zinali malaya oyera atatu, mabuluku awiri, tayi imodzi ndi jekete limene adakwatira nalo. Mphunzitsi wa masiku amenewo sankaima pamaso pa ana atavala chokwinyika, pakuti mudzi wonse unkayang'ana iye kuti udziwe mmene munthu wophunzira amaonekera. Choncho Loweruka lililonse dzuwa likapendeka, kwathu kunkakhala kusita. Lamulungu simbi sinkakhudzidwa.

Simbi yathu inali ya makala, yachitsulo cholemera, chogwirira chake chathabwa chitasalala ndi manja. M'mbali inali ndi mano otseguka olowera mpweya, ndipo kutsogolo kunali katambala kachitsulo kotsekera chivundikiro. Gawo langa linali moto. Ndinkakoleza makala pambaula kuseri kwa khitchini, n'kudikira utsi wonse uthe, chifukwa khala lofuka limadetsa malaya. Ndikasankha ofiira okhaokha, ndinkawapana ndi kawaya, kuwaika m'simbi, kutseka katambala, kenaka kuigwedeza m'mwamba uku ndi uku kuti mphepo iwakolezere. Phulusa ndinkaliuzira panja, kutali ndi tebulo. Kachidutswa kamodzi ka khala kothawira m'mano a simbi kankakwana kuboola malaya amene munthu wawasungira ndalama miyezi ingapo.

Amayi ankayala bulangeti lopinda kawiri patebulo, pamwamba pake nsalu yoyera yakale. Koma simbi sankaithamangira. Ankatenga mbale ya madzi, kuviika zala, n'kuwaza malaya amodziamodzi ngati akufesa mawere. Akawaza ankawakulunga ngati kamphasa, kuwaika m'beseni, kufunditsa chitenje. Akatero ankakhala pansi n'kuyamba kusankha nyemba kapena kusoka batani. Ine apo mtima uli m'mwamba, makala anga akunyeka pachabe.

"Amayi, simbi yapsa."

"Ndamva, mwanawe. Simbi yapsa, koma malaya sanamwe. Khala pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndidakula ndisakudziwa chimene chinkachitika m'beseni muja. Ndidadzachimva ndili wamkulu. Ulusi wa thonje, thonje lomweli limene amalima ku Salima, ku Balaka ndi ku Chikwawa, ndi mtolo wa tizingwe tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene asayansi amati selulozi. Tizingweti timagona moyandikana, togwirana m'mbali, koma kugwirana kwake n'kosalimba. Madzi akalowa pakati, timatayana n'kuyamba kusuntha. Ndiye tikamachapa, kufikisa, kumenyetsa pamwala, kufinya mopotokola, tizingwe timapita uku ndi uku, ndipo dzuwa likamwa madziwo timagwirananso pomwe tapezekapo. Khwinya ndi limenelo: nsalu imene yaumira pamene idapindikira. Lidabwera ndi madzi, ndipo njira yake yobwerera ndi yomweyo. Paja madzi saiwala khwawa.

N'chifukwa chake kuwaza kokha sikukwana. Dontho likagwa pansalu limanyowetsa pamalo pamodzi, pena pali pouma. Kukulunga ndi kufunditsa kuja kunali kupatsa madzi nthawi yoti ayende okha, ulusi ndi ulusi, mpaka malaya onse akhale ndi chinyezi chofanana, osanyowa, osauma, ozizira kukhudza ngati tsamba la m'mawa. Pamenepo simbi ikafika imapeza ntchito yatheka kale. Kutentha kumasandutsa chinyezi chija nthunzi yolowa paliponse, kulemera kwa chitsulo kumagoneka tizingwe, ndipo nsalu ikamauma pansi pa simbi timagwirananso tili chigonere. Amayi mawu akuti selulozi sadawamvepo. Ankangodziwa kuti malaya amene amwa amamvera simbi ikadutsa kamodzi, pamene ouma umawabwerera kasanu khwinya lili pomwepo.

Ine ndidaziphunzira ndi misozi. Ndinali mu Sitandade 6, mwezi wa Okutobala. Lachisanu kudabwera uthenga wa maliro kwawo kwa amayi, ndipo adanyamuka mwadzidzidzi atangochapa malaya amodzi. Malayawo adakhala pachingwe mpaka adauma gwa ngati chikopa. Lolemba kunkabwera oyendera sukulu. Ndidadzuka tambala woyamba atalira, ndikufuna kuti abambo akamatuluka kubafa apeze malaya ali tayale pabedi, adziwe kuti m'nyumba muno muli mwana. Makala ndidadzaza mpaka katambala kadavuta kutseka. Za madzi ndidazikumbuka, koma ndidati nthawi palibe, ndipo moto ukachuluka ulowa m'malo mwake.

Makwinya adakana. Ndidadutsa, ndidabwereza, ndidakanikiza ndi manja awiri. Pamsana panali khwinya lina lalitali lochokera paphewa, ndipo ndidaganiza zoti simbi ikhale pamenepo pang'ono, ilimve bwino. Fungo ndi limene lidandiuza, fungo la nsima yopserera. Nditanyamula simbi ndidapeza chithunzi chake chatsala pamalaya, chofiirira, chosongoka kutsogolo ngati bwato. Khwinya lija linali likadalipo m'mbali mwake.

Abambo adalowa thaulo lili pakhosi. Adayang'ana malaya, adayang'ana ine, adayang'ananso malaya. Enawo anali osachapa. Adavala omwewo, adamanga tayi, natsegula sutikesi n'kutulutsa jekete. Amene adakhalako ku Salima mu Okutobala akudziwa tanthauzo la jekete mwezi umenewo, pamene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Tsiku lonse adaphunzitsa, adalandira alendo, adaimirira padzuwa pamzere wa ana, jekete osavula. Madzulo adabwera thukuta litadutsa mpaka kunja kwa jekete. Ndidadikira ndodo. Sidabwere. Ndidadikira mawu. Sadabwere. Lachiwiri amayi adafika, adaona malaya, ndipo ndidamva akulankhulana motsitsa kuchipinda. Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, zii.

Loweruka, beseni litafunditsidwa, abambo adatulutsa kampango ka m'thumba n'kukaika patebulo.

"Amake mwana, mpatseni aka. Ayambire pamenepa."

Masiku asanu aja ndawaganizira kwambiri pamoyo wanga. Abambo sanali munthu wolekerera, ndipo nthawi imeneyo ndodo inali pakona pa kalasi iliyonse. Akadandikalipira Lolemba lija m'mawa, palibe akadawadzudzula. Koma ndikudziwa chimene chikadachitika m'kati mwanga, chifukwa ndinali nditauma kale ndi mantha ndi manyazi: ndikadalowa m'chigoba, ndipo simbi sindikadaigwiranso. M'Chichewa liwu lakuti kuwongola timaligwiritsa ntchito pa nsalu, pa mtengo ndi pa mwana, ndipo timakonda kunena kuti kuwongola mtengo m'poyamba. N'zoona. Koma mwambiwo umanena za nthawi yoyambira, sunena za kuchuluka kwa mphamvu. Mtengo waung'ono umawongoka chifukwa ukadali ndi madzi m'kati. Ndaona makolo ambiri, ndi akuluakulu a ntchito omwe, amene akaona kuti mawu awo sakulowa amangoonjezera makala. Chimene amasiya pa munthuyo ndi chithunzi cha simbi, khwinya lili pomwe lidali.

Ndidayambira pa kampango, kenaka nsalu za mapilo, kenaka mayunifolomu athu. Malaya a abambo ndidawabwerera patapita chaka. Amayi ankaima kumbuyo kwanga, mawu ochepa, chala chikuloza. Simbi uyese kaye: nyowetsa chala ndi malovu, gunda pansi pake msangamsanga, ikalira kuti tsii yakonzeka. Ipukute pa nsanza usanaiike pa choyera. Ikamakakamira, idutsitse pa kandulo pang'ono n'kuipukutanso. Kolala uyambe kunsi kwake, ndipo uchokere kunsonga kupita pakati, chifukwa ukachokera pakati umakankhira nsalu kunsonga n'kupanga timakwinya tatsopano pamalo pamene aliyense amayang'ana. Kenaka mapewa, kenaka manja, kenaka kutsogolo, mphuno ya simbi ikuzungulira batani lililonse osalikwera, msana pomalizira. Dzanja lamanzere lisagone: ndilo limatsogola, kusalaza, kukoka msoko pang'ono kuti simbi ipeze njira yolambula.

Buluku ndiye linali mayeso. Ulitembenuze kaye usite matumba, ulibweze, ugwirizanitse misoko ya mwendo kuti igonane ndendende, uyale kansalu konyowa pamwamba kuti buluku lakuda lisanyezimire ngati lapakidwa mafuta. Mzere ukhale umodzi. Ukaphonya wakale n'kupanga wina pambali pake, buluku limatuluka ndi mizere iwiri ngati njanji, ndipo kuufafaniza wolakwikawo ndi ntchito yoposa kusita buluku lonse. Duku loyera la Chigwirizano, gulu la amayi a kumpingo, ndi makolala ankazilimbitsa ndi sitachi wopanga okha: ufa wa chinangwa wosungunula m'madzi ozizira, kuthirapo owira mpaka ukhale ngati phala lamadzimadzi, kuviikamo nsalu, kuyanika. Duku lotero likasitidwa linkaima pamutu pa amayi tsiku lonse la maliro osagwa mphumi.

Zovala za lero si za nthawi imeneyo. Ambirife timavala za kaunjika, ndipo chovala cha kaunjika chimafika chitapanikizidwa m'belo ndi makina, chitamangidwa ndi malamba, chitayenda panyanja ndi pamsewu kwa milungu yambiri chili chipindikire. Makwinya ake ndi akuya, ndipo pamenepo mpamene anthu amapsereza zovala tsiku lomwe agula. Njira yake ndi yomwe ija: chichapidwe kaye, chiyanikidwe chitakutumulidwa bwino, chichotsedwe pachingwe chisanaumitse. Koma pali china chimene amayi sankalimbana nacho kawirikawiri. Nsalu zambiri za masiku ano ndi poliyesita ndi nayiloni, kapena zosakaniza ndi thonje, ndipo zimenezi zimapangidwa kuchokera ku mafuta a pansi panthaka. Ndi abale ake a pulasitiki. Madzi sizimwa kwenikweni, zimafewa ndi kutentha kochepa, ndipo moto ukapitirira zimakhwinyata, kusungunuka, n'kumatirira kunsi kwa simbi.

Safunsa adadya phula, ndipo chovala chili ndi pofunsira. M'kati mwake, pakhosi kapena m'mbali, mumakhala kansalu kolembedwa, ndipo pamenepo pali chithunzi cha simbi chokhala ndi timadontho. Kadontho kamodzi ndiye kuti kutentha kusapitirire madigiri 110, ndiko kwa nayiloni ndi zinzake zosachedwa kupsa. Tiwiri ndi madigiri 150, kwa ubweya wa nkhosa ndi poliyesita. Titatu ndi madigiri 200, kwa thonje. Simbi ikakhala yodulidwa ndi mtanda, chovalacho sichifuna simbi n'komwe. Ndimadabwa kuti timawerenga mtengo wa chovala, kukangana ndi wogulitsa mpaka mawu kusasa, koma kansalu aka sitikayang'ana. Kakakhala kadadulidwa, yesani simbi kunsi kwa mpendero, kumene diso silifika. Ndipo dongosolo limasiyana ndi simbi yake. Ya magetsi imayamba yozizira n'kumakwera, choncho umayamba ndi zopepuka n'kumalizira thonje. Ya makala imayamba yaukali n'kumatsika, choncho umayamba ndi thonje, za nayiloni zidikire makala atagona.

Pali anthu, makamaka achinyamata, amene amati zonsezi n'kutaya nthawi. Amati kusita ndi mwambo umene adatisiyira atsamunda pamodzi ndi kabudula wa khaki wa mesenjala, ndipo munthu sayezedwa ndi mzere wa buluku. Mmodzi adandiponyera mwambi: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindidamutsutse msanga, chifukwa mbali ina akunena zoona. Tonse tawaonapo anthu olowa m'khoti pa milandu ya ndalama za boma atavala masuti osalala ngati galasi. Simbi siyeretsa mtima, ndipo dziko limene limalemekeza suti kuposa chilungamo limadzipweteka lokha.

Koma amene amanena zimenezi kawirikawiri ndi amene ali ndi zovala zodzaza kabati. Munthu wa malaya amodzi amadziwa china. Amachapa usiku, kuyanika m'nyumba, m'mawa kuumitsa ndi simbi, n'kutuluka ndi envelopu yake kukafuna ntchito, ndipo palibe pamsewu amene angadziwe kuti ndi omwe aja a dzulo. Bongololo sadzolera mafuta pagulu. Umphawi wake watsala kuseri kwa chitseko, ndipo wasankha yekha amene angauone. Amene alibe simbi amatuma mwana kwa aneba, "Akuti mutibwerekeko simbi," ndipo waulemu amaibweza itapukutidwa, phulusa litatayidwa. Amene alibe ndi pobwereka pomwe amayala buluku pansi pa mphasa n'kuligonera, kapena amadutsitsa poto wa madzi otentha pa malaya. Munthu wochita zimenezi sakunyenga aliyense. Akukana kuti kusowa kumulankhulire iye asanatsegule pakamwa.

Ndipo pali yankho lina limene ndidaliona ndi maso, loti mkuyu sulowamo n'komwe. Amayi ankasita matewera. Ankasita makabudula am'kati, nsalu zofunda, zitenje zoberekera mwana, zinthu zimene palibe mlendo adzazione. Adayamba chaka chimene mng'ono wanga wakhanda adatuluka tizithupsa tisanu kumsana, akulira usiku wonse osagona chagada.

Kumadera otentha, nyengo ya mvula mango akamapsa, kumachuluka ntchentche ina yofiirira, yokulirapo kuposa ya m'nyumba. Asayansi amaitcha Cordylobia anthropophaga, ndipo azungu okhala kuno amati putzi, dzina losatalikirana ndi liwu lathu lakuti mphutsi. Yokha siluma. Imafuna pamthunzi, pa dothi lamchenga lonunkha mkodzo, kapena pa chovala chachinyezi choyanikidwa pansi kapena paudzu, n'kuikirapo mazira oposa 100 nthawi imodzi. Pasanathe masiku atatu mazirawo amaswa timphutsi tovuta kutiona, timene timatha kudikira sabata yathunthu ndi kupitirira. Tikamva kufunda kwa thupi timaboola khungu mwakachetechete. Pakapita masiku pamatuluka chithupsa chokhala ndi kabowo pakati, ndipo ukayang'anitsitsa umaona kanthu kakugwedera. Mphutsiyo imakulira m'menemo masiku 8 mpaka 12, kenaka imatuluka n'kugwera m'dothi. Agalu ndiwo amavutika nazo kwambiri, koma khungu la khanda ndi lofewa kuposa la galu.

Agogo ena oyandikana nafe ndi amene adazindikira. Adamata kabowo kalikonse ndi Vaseline kuti mphutsi isowe mpweya, ndipo apanso panafunika kudikira, chifukwa ukafinya msanga imaphulikira m'kati chilonda n'kukula. Patapita nthawi timitu tidayamba kusuzumira, ndipo adazitulutsa imodziimodzi. Chithupsa chikatupa kwambiri kapena mwana akatentha thupi, kumeneko n'kwa achipatala. Koma chotchinga chake n'chapafupi: kuyanika pachingwe, padzuwa, osati pansi, ndi kusita mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko, chifukwa kutentha kwa simbi kumapha mazira ndi timphutsi tomwe. Kuyambira chaka chimenecho amayi ankaimirira mpaka usiku, nyali ya koloboyi ili pambali, akusita timatewera khumi ndi tiwiri kuseri ndi kuno, timene mawa lake tikadetsedwenso dzuwa lisanafike pamutu. Amene akuti kusita n'kudzionetsera akadabwera kudzaona usiku umenewo.

Tsopano ndimakhala ku Lilongwe, ndipo simbi yanga ndi ya magetsi, yotulutsa nthunzi yokha. Simbi yotere si yachilendo padziko. Henry Seeley wa ku New York adalembetsa simbi ya magetsi mu 1882, koma mpaka lero makomo ambiri a m'Malawi sanaigwirepo, chifukwa waya sunawafike. Ngakhale ife a m'tauni ya makala sitinaitaye. Namondwe Ana atawononga damu lopangira magetsi la Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022, magetsi adachepa kwa nthawi yoposa chaka, ndipo katambala kachitsulo kadatulukanso m'makatoni ndi pansi pa mabedi. Ana obadwira m'tauni adaphunzira kugwedeza simbi pakhonde ngati ife kale. Sindinena izi mokondwera. Ndikaona njinga zolemedwa ndi matumba a makala zikulowa mumzinda m'mawa kuchokera cha ku Dzalanyama, ndimadziwa kuti mzere wa buluku nawo uli ndi gawo lake, ngakhale laling'ono, pa mitengo imene ikugwa. Simbi ya magetsi ndi yabwino, ndipo ndikufuna itafika khomo lililonse. Siponya phulusa, sipsereza ukaitchera bwino, ndipo mwana sapsa nayo manja pokoleza. Imadya mayunitsi, n'chifukwa chake ndimasonkhanitsa zovala za sabata yonse n'kusita kamodzi.

Chimene ndimaona n'chakuti yatiphunzitsa kukhulupirira kuti kudikira kudatha. Timasita m'mawa, basi ikutisiya, chovala chimodzi, pabedi, n'kuchivala chikadali chotentha. Tikafika kuntchito chakwinyika kale pamimba ndi m'zigongono, ndipo timati nsalu yake ndi yoipa. Nsalu ilibe mlandu. Tizingwe tija sitimaliza kugwirana mpaka chinyezi chonse chitachoka ndipo nsalu yazizira. Chovala chongochoka pasimbi chikadali chofewa, chokonzeka kutenga maonekedwe a chilichonse chimene chingachipinde, kaya ndi mpando wa minibasi kaya ndi lamba. Amayi akamaliza malaya ankawapachika pamsomali wa kuchitseko, batani lapamwamba litamangidwa, ndipo palibe ankaloledwa kuwakhudza mpaka m'mawa. Kudikira kunali kuwiri, kwina simbi isanafike, kwina itachoka. Nthunzi ya simbi yamakono yafupikitsa koyambako, ngakhale chitenje chokhuthala chimene chauma gwa chimafunabe mbale ya madzi ndi beseni. Kwachiwiriko palibe makina amene adakuchotsa.

Abambo adatisiya zaka zapitazo. Malaya opserera aja sadawataye. Adawavala m'munda mpaka adang'ambika, chithunzi cha bwato chili kumsana, ndipo nkhani yake sadaitchulepo ngakhale kamodzi.

Amayi akalamba. Manja amanjenjemera, ndipo simbi, ngakhale yopepuka ya magetsi, sangathe kuiyendetsa mowongoka. Mwezi wathawu adabwera kudzakhala nafe masabata angapo, ndipo kudagwa maliro a mayi wina wa mumpingo wa kuno. Adati sangakhale m'nyumba anzawo a Chigwirizano akuimba panja. Adatulutsa m'chikwama bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku, zonse zitakwinyika ndi ulendo wa basi. Ndidatenga mbale ya madzi. Iwo adakokera mpando pafupi ndi tebulo nakhala, manja ali pamaondo, maso ali pa zala zanga. Ndidawaza, ndidakulunga, ndidafunditsa. Tidamwa tiyi. Kenaka kolala, kunsi kaye, kuchokera kunsonga. Sadanene kanthu, ndipo kwa amayi kusanena kanthu patebulo lositira ndi chiyamikiro.

Ndikumaliza dzanja lachiwiri, galimoto ya aneba imene inkatitenga idaliza hutala panja. Ndidazimitsa simbi, ndidanyamula bulauzi n'kuwapatsira kuti avale. Adaigunda ndi kuseri kwa dzanja.

"Ikadali yotentha, mwanawe. Ipachike kaye."

"Amayi, anthu akudikira."

"Adikire. Malemuwo sathawa."

Ndidaipachika pachitseko, ndidamanga batani lapamwamba. Hutala idaliranso. Amayi adatenga duku nayamba kulimanga pang'onopang'ono, akudziyang'ana pagalasi la zenera, ndipo ine ndidakokera mpando wina n'kukhala pambali pawo.